Nkhoswe Yosankha Zipolopolo

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, akakwere basi yake ya ku Leeds mvula isanayambe. Inu a Banda, mukusekera m'kapu ngati sindikukuonani, munayamba mwagwirapo chipolopolo inu, kapena mumangodziwa jakisoni wa ku wodi? Ine ndisanatsatire mayi a kunyumba kuno ku Bradford, iwo atapeza ntchito ya unesi, ndinali mlonda wa nyama m'nkhalango ya boma kwathu, ndipo njovu zinkati zikamva ndikutsokomola zinkapita kukabweza chimanga chimene zaba m'minda ya anthu. Tsono ndikamanena za zipolopolo muzikhala chete.

Nkhani yake ndi ya mphwanga Yamikani, mwana wa mlongo wanga, wa magalasi uja amagwira za makompyuta ku Leeds. Mnyamata anakonda Hannah, nesi mnzawo wa mayi a kunyumba, mwana wa mlimi wa nkhosa kumapiri kuseri kwa tauni ino, ndipo anakonda zenizeni, mpaka kuonda, kolala ya malaya kumazungulira yokha m'khosi. Mayi ake a Yamikani anandiimbira foni ali kumudzi kuti achimwene, nkhoswe ndinu, mwanayo akalephera kukwatira mlandu ndi wanu. Ndinavala suti n'kupita kukaonekera kwa bambo a mtsikana, a Arnold, munthu wamtali, wosadziwa kuseka. Ndinayamba mwa mwambo kuti tambala wathu waona msoti pakhomo pano, iwo n'kundiyankha kuti nkhuku saweta.

Atamvetsa chimene ndadzera, anati nkhandwe zimawathera ana a nkhosa chaka ndi chaka, choncho mwana wawo sangamupereke kwa munthu woti nkhandwe ikabwera aziitumizira imelo. Anati Loweruka tipite ku kalabu yawo ya zowombera, mfuti abwereketsa yawo, zipolopolo agula pa layisensi yawo poti lamulo la kuno silisewera, koma bokosi lake tisankhe tokha, mnyamata awombe zisanu pa chandamale. Zikabalalika, ukwati wabalalikanso. Ndinachita mantha, sindibisa, chifukwa Yamikani chibadwire ndi legeni yomwe sanaigwirepo.

Loweruka tinalowa m'shopu ya mfuti, ine, mphwanga, a Arnold ndi Hannah, mabokosi ali mbwee kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo Yamikani, poti ndi wa sukulu, anathamangira lodula kuposa onse, lonyezimira, lojambulidwa gwape wa nyanga zanthambi, ati chodula ndicho chabwino. Ndinamumenya padzanja. Ndinamukumbutsa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mfuti ili ngati mwana wosankha ndiwo, wina umamupatsa nyama amalavula, umupatse bonongwe amanyambita mbale. Chipolopolo chimene chalasa mu mfuti ya mnzako, mu yako chikhoza kungopita kukaona abale ake.

Pamenepo ndinavula chipewa, ndinayamba kuika mabokosi kukhutu limodzilimodzi, shopu yonse ili zii, ndipo m'lodula lija ndinamva onga ukudzitama mu Chingerezi cha ku London, m'lotchipitsitsa ndinamva onga ukuliza mkonono, wina ukulota, wina ukudandaula kuti ku fakitale anauthira wochepa, mpaka ndinagwada pa shelefu ya pansi pomwe panali bokosi lotuwa, la fumbi, mtengo wake wapakatikati, ndipo m'menemo zipolopolo zonse zinkapuma mpweya umodzi ngati kwaya ikamadikira dzanja la woimbitsa. Mukumva? Ndinaziyeza pa chikhato chimodzichimodzi, ndinati zonse kulemera n'kumodzi, mwini shopu anatsutsa, anatulutsa sikelo yake ya magetsi, sikelo inati china chapepuka, tinaitana wokonza masikelo, n'kupezeka kuti yolakwa ndi sikelo. Ndinaonanso nambala ya m'mbali mwa bokosi kuti nditsimikize kuti zonse zinaphikidwa mumphika umodzi. Ndinauza a Arnold kuti agule mitundu yonse itatu, mfuti ikanene yokha chimene imadya.

Ku kalabu tinapeza mphepo ija mumaidziwa, koma tsiku limenelo inali yoti nkhosa zinkadya msipu zitalumana michira kuopa kuuluka, ndipo mthunzi wanga unachoka pansi n'kukakola pa waya. A Arnold anayesa okha mabokosi awiri oyamba kuti pasakhale wonamizira dzanja la mnyamata. Chodula chija chinatuluka ndi phokoso la bwana, chinayang'ana chandamale n'kuona kuti si saizi yake, chinakwera phiri, chinatsika, chinafika ku Middlesbrough, ndipo mlamu wanga wa kumeneko, amene sanama poti ndi mkulu wa mpingo, anakumana nacho pa siteji ya basi akuweruka ku shifiti, chikufunsa njira yobwerera. Chotchipa chinatuluka mwaulesi, tinachidikira, tinatopa, tinapita kukamwa tiyi, pobwera tinachipeza chakhala pa mtengo wa mpanda pakati pa njira chikupumula. Mukuseka? Mtengowo ulipo, ndipo pamene chinakhala pakuonekabe.

Ndiye inafika nthawi ya Yamikani ndi bokosi langa lotuwa. Anagona chafufumimba, magalasi atachita nthunzi. Ndinagwada pambali pake n'kumunong'oneza.

"Mphwanga, puma kaye. Usakoke ngati ukutsegula chitseko cholimba. Finya pang'onopang'ono ngati ukugwira dzanja la Hannah m'tchalitchi abusa akuyang'ana."

Anawomba zisanu. Oyang'anira kalabu atalengeza kuti mfuti zonse zatsitsidwa tinayenda kupita ku chandamale, ndipo tinapeza bowo limodzi lokha, pakatikati, laling'ono ngati diso la nkhunda. A Arnold anapukusa mutu.

"Chimodzi walasa mwangozi, zinayi waphonya pepala lonse. Pepani, palibe ukwati."

Yamikani anangokhala pansi m'matope ndi thalauza lake la ku ofesi, misozi ili chuchuchu, Hannah anatembenukira kumapiri kuti tisamuone nkhope. Zinandiwawa kwambiri. Ndinaganiza za mlongo wanga, amene anali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wake akukwatira.

Ndinavula jekete, ndinapita pa mulu wa mchenga kuseri kwa chandamale, ndinayamba kukumba ndi manja, ndinakumba mpaka chigongono, mpaka phewa, mpaka ndinalowa ndense kutsala nsapato zokha, ndinadutsa mfuko ikudya ndi ana ake, ndinaipepesa, ndinapitirira, ndipo potuluka ndinatuluka ndi zipolopolo zisanu zitalumikizana china kumbuyo kwa chinzake ngati mfundo za nzimbe, zowongoka kuti nyoo, zikadali zotentha moti mvula inkati ikagwerapo inkabwerera kumwamba. Zonse zinadzera bowo limodzi, a Banda! Mphepo inayesa kuzikankha, izo zinaiuza kuti tili ndi ukwati wokamanga, ipite ikakankhe za ku London. A Arnold ataziona anavula kapusi, anadzutsa Yamikani m'matope n'kumutcha mwana wawo. Pa chinkhoswe anavina atavala majombo a kumunda, ndipo mpaka lero tiyi wawo amatakasa ndi ndodo ya zipolopolo ija.

Musawayang'ane mayi a kunyumba pawindopo, ndikudziwa chimene akupukusira mutu. Akufuna akuuzeni kuti m'shopu muja, ndisanagwade n'komwe, Hannah anali akugogoda bokosi lotuwalo ndi nsonga ya nsapato, chifukwa ndi mtundu umene wakhala akuwombera mu mfuti ya bambo akeyo kuyambira ali mtsikana. Chabwino, anagogoda. Mwana wa eni anali atasankha kale mwamuna wake, ndipo sakanalola kuti gwape wojambulidwa pa bokosi amulande mwamunayo. Koma bambo ake analipo, mwini shopu analipo, mwini chikondi analipo ndi magalasi ake, nanga anayang'ana pansi ndani? Nkhoswe yosaona phazi la mkwatibwi si nkhoswe, ndipo pakanapita inu a Banda, bwenzi Yamikani lero akudya matchipisi yekha ku Leeds.