Mmene Ndinamupezera Limbani Ntchito ya Penshoni

Nkhani iyi ndi yamanyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine. Kwa Mulungu ndinaulula kale. Tsopano ndiulule kwa inu, chifukwa ku Kamitondo kuno anthu ayamba kuithira mchere.

Limbani ndi mwana wa malemu mlongo wanga, ndipo ndinamulera ndine. Amagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina yogulitsa zitsulo za makina a ku migodi muno mu Kitwe. Netiweki ikagwa, woitanidwa ndi iyeyo. Koma anali pa kontrakiti ya chaka chimodzichimodzi, ndipo zimenezi zinkandidya mumtima. Ife tinaleredwa ndi kalaliki wa pa mgodi. Atate ankati munthu wopanda penshoni wangobwereka mpando pa ukwati wa eni.

Loweruka lina Limbani anabwera kudzandiona.

"Azakhali, kontrakiti yanga ikutha mwezi wamawa. Mundiikeko m'mapemphero."

"Mayo ine! Akukuchotsa?"

"Ayi, tikungokambirana. Ndawauza kuti ku Lusaka akundifuna." Anaseka. "Koma kunena zoona, ku Lusaka sindingapiteko. Lendi ya kumeneko ingandidye wamoyo. Kungoti zokambirana za chaka ndi chakazi zimanditopetsa."

Ine mphatso yanga ndi imodzi: mawu a munthu ndimawasunga monga anawanenera mwini wake, osachotsa, osawonjezera. N'chifukwa chake ku gulu la amayi a mpingo wathu ndine ndimapereka zopempherera. Lachinayi, fifitini awazi, 3 koloko masana, ndinawayalira amayi nkhani yonse. Tinagwirizana chimodzi: mwanayu akulirira ntchito ya pamanenti, koma manyazi akumuletsa kunena. Tinasala kudya masiku atatu.

Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Koma ndinaganiza kuti pemphero limafunanso miyendo.

Mkulu wina wa mpingo wathu, Bambo Mvula, ndiye amayang'anira za antchito pa kampani ya Limbani. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, ndinawakokera pansi pa mtengo wa mango.

"Bambo Mvula, mundikhululukire. Mwana uja ndi wamasiye. Bwanji osamulemba pamanenti?"

"Amayi, ifetu timafuna kwambiri. Koma mnyamata wanuyo ndi wouma mutu. Tikangoyamba nkhaniyi, amati akupita ku Lusaka."

Ndinaseka mokoma mtima. "Ku Lusaka? Sangapiteko! Anandiuza yekha. Anati, ‘Lendi ya kumeneko ingandidye wamoyo.’"

Bambo Mvula anavula magalasi. "Ananena choncho?"

"Mawu ake enieni. Anatinso, ‘Zokambirana za chaka ndi chakazi zimanditopetsa.’"

"Tabwerezaninso za lendizo, amayi."

Ndinabwereza, mpaka kasekedwe kake. Iwo anatulutsa foni n'kulemba. Kenako anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Amayi, simukudziwa mmene mwatithandizira."

Ndinabwerera kunyumba ndikuimba. Ndinkati Mzimu wawakhudza!

Patatha masabata awiri, Bambo Mvula anandinong'oneza kuti kalata yatuluka. Pamanenti, penshoni, zonse! Tsiku lomwelo ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse kupereka umboni, nthungululu zili mbwee. Mapemphero atatha ndinagula keke, ndinatenga amayi awiri, Mayi Tembo ndi bana Mwansa, tinakwera basi ya ku Nkana East kumene Limbani ankachita lendi kanyumba kokongola ka maluwa pakhomo.

Tinalowa pageti tikuimba ndi kuvina, keke ili pamutu pa bana Mwansa. Limbani tinamupeza atakhala pakhonde, kalata ili m'manja, nkhope ngati wabwera ku maliro.

"Mwana wanga, Mulungu wayankha!"

"Wayankha funso la ndani?"

Nyimbo inazima.

"Azakhali, mukudziwa chifukwa chake ndinali pa kontrakiti? Malipiro anali pafupifupi kawiri a munthu wa pamanenti. Chaka chikatha, ankandipatsa gratuwiti, ndalama ya pamwamba yotsekera kontrakiti. Chaka chino ndimafuna andiwonjezere. Tsopano akuti kontrakiti yathetsedwa, malo anga asanduka a pamanenti, giredi ya pansi. Ndisaine pofika Lachisanu, apo ayi nditsanzike."

"Koma penshoni, mwana wanga…"

"Ndili ndi zaka twente-naini! Landilodi wanga sadya penshoni!"

"Nanga osawauza kuti ukupita ku Lusaka bwanji?"

Limbani akakwiya Chinyanja chimamuthawa, amalowa m'Chibemba.

"Ba mayosenge, finshi mwacita? Mwachita chiyani, azakhali? Lusaka ndiyo inali ndodo yanga yokhayo! Zaka zitatu ndakhala ndikuwaopseza nayo. Lachiwiri ndinaitulutsanso, koma Bambo Mvula anangomwetulira, n'kutsegula foni, n'kundiwerengera kuti, ‘Lendi ya kumeneko ingandidye wamoyo.’ Mawu amenewo ndinauza munthu mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi!"

Ndinayang'ana kumwamba. Kunali mitambo basi.

"Komatu sindinawonjezerepo kalikonse," ndinatero ndi kamawu kakang'ono.

"Ndi vuto lakelo! Mukanawonjezera bodza pang'ono!"

Bana Mwansa anatsokomola. "Awe mukwai, ifwe twaya." Atatsanzika choncho m'Chibemba, anatuluka chambuyo iwo ndi Mayi Tembo. Keke anapita nayo.

Lamulungu lotsatira ndinawatsatanso Bambo Mvula. Ndinati mwina tingabweze zinthu mwakale. Anadabwa kwambiri. "Amayi, umboni munapereka pamaso pa mpingo wonse. Mukufuna tibweze dalitso?"

Limbani anasaina. Mwezi utatha, ndinamva lole ikuimba huta pakhomo panga. Munali bedi, furiji, mpando wozungulira, makompyuta atatu ndi makatoni a mawaya. Nyumba ya ku Nkana East inali itamukulira.

Lero pabalaza panga, pamene tinkasonkhana ndi amayi kupemphera, pali mawaya ngati mpanda wa nkhuku. Ndapunthwapo kanayi. Kabokosi kena kamaphethira nyali zobiriwira pamwamba pa kabati ya mbale zanga za alendo, ndipo akuti ndisakakhudze. Tsiku lina ndinazula pulagi imodzi kuti ndisite bulauzi ya kutchalitchi, foni ya Limbani n'kuyamba kulira kuchokera ku ofesi ya kampani yawo ya ku Ndola. Ine ndidziwa bwanji, abale, kuti bulauzi yanga ingaimitse ntchito ku Ndola?

Ndinalimba mtima n'kumufunsa, "Mwana wanga, sikuti ndikukuthamangitsa, koma ukhala mpaka liti?"

"Bambo Mvula akuti a pamanenti amawaganizira zokwezedwa pakatha zaka zinayi."

Zaka zinayi!

Masana amenewo tinakhala patebulo kuti tidye nsima ndi tinsomba ta kapenta. Ndinatseka maso monga mwa nthawi zonse. Mtima unali wolemera, ndipo ndinafuna kukonza zimene ndinawononga.

"Atate wathu wachifundo, tikuyamikani chifukwa cha chakudya ichi. Ndiponso ndikubweretsa pamaso panu mwana wanu Limba…"

Dzanja linandigwira pamkono mwamphamvu.

"Azakhali! Dalitsani kapenta yekhayo. Ine musanditchule."

Musanasenze katundu wa mnzanu kupita naye kumwamba, yambani mwamufunsa ngati akumulemera.