Mlandu Tapambana, Tikiti Palibe

Lolemba

Tapambana! Uthenga wandipeza m'basi ndikuchokera kuntchito. Kampani ija timatumizira ndalama kumudzi yavomera kulipira mamiliyoni chifukwa cha kandalama kamene inkatidula mobisa tikamatumiza. Dzina langa lili pa mlandu wa gulu la otumiza ndalamawo kuyambira chaka chatha, ndiye mamiliyoniwo ndi anganso.

Zoti ndichite:
- tikiti ya ndege ya amayi, adzamunyamule mwana wanga Tadala. Mwana wakwanitsa zaka zinayi agogo ake akungomuonera pa foni.
- viza
- bedi, amayi sangagone pa sofa yathu yopendekekayi
- zotsala tiona

Ndawaimbira amayi ku Ntcheu. Alulutira mpaka foni yagwa pansi, ine kuno ku Rotherham ndikungoona denga la khonde ndi nkhuku ikudutsa.

Lachiwiri

Lero ndikuyenda mapewa ali m'mwamba. Akutchalitchi akundithokoza pa foni, poti ndine ndinawalembetsa onse: kwaya, amayi a chigwirizano, ngakhale a Zulu a ku Zambia amene amatumiza ndalama kwawo kamodzi pa chaka. Lamulungu lililonse ndinkaima pakhomo ngati wogulitsa mandasi, wosalembetsa osadutsa. Nzeru yanga ndi ya chipereganyu: anthu akachuluka, cholandira chimakula.

Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndimasambitsa gogo wa chipinda chakumapeto ndikuimba. Wandifunsa ngati ndapeza mwamuna.

Lachitatu

A Gondwe, akauntanti wa kutchalitchi kwathu, andiimbira. "Mlongo, uthenga uja mwauwerenga mpaka pansi?" Ayi. Ine ndinalekera pa mawu akuti mamiliyoni, pansipo ndinkati ndi moni chabe.

Akuti ife tisanalaweko, oyamba kudya ndi awa:
- maloya
- anthu amene anaika ndalama zawo kuti mlandu uyende zaka zonsezi, ndipo akufuna phindu
- kampani inanso yolembedwa ntchito yongotigawira

Wogawa naye alipidwe! Kwathu wogawa nyama amangonyambita zala. Komabe mamiliyoni ndi mamiliyoni. Ndafufuta bedi. Amayi ndi aafupi, sofa iwakwana.

Lachinayi

A Gondwe aimbanso, ndipo ndayamba kudana ndi dzina lawo pa foni. Akuti kampani sinagonje m'khoti. Inangogwirizana ndi maloya kuti ipereke yocheperapo mlandu uthe, ndipo sinavomere n'komwe kuti inalakwa. Kenaka andimaliza: "Ichi si chipereganyu, mlongo. Palibe akusonkha. Keke ndi imodzi, it doesn't grow. Aliyense wolembetsa akudulapo yake." Akuti alembetsa anthu dziko lonse lino, a ku Nigeria, a ku Ghana, aliyense amene ali ndi mayi kwawo.

Ndiye kuti pakhomo paja ndinkabenthula ndekha tikiti ya amayi, n'kumagawira anthu ndikumwetulira. A Zulu ndinachita kuwathamangira mpaka pokwerera basi, mvula ikugwa. Ndalira pang'ono m'chipinda chochapira zovala, kenaka ndaseka, makina akundibisira zonse ziwiri.

Lachisanu

Mwina ambiri aiwala kutumiza nambala za ku banki, gawo langa likula. M'mawa ndadzigwira ndikupemphera kuti kwaya yonse iiwale mapasiwedi. Ndachita manyazi, ndalapa. Masana mayi Banda a m'kwayamo andipempha ndiwathandize kulemba zawo, ndipo ndawathandiza, mtima ukuwawa.

Tadala wajambula ndege, agogo atakhala pamwamba pa phiko ndi mpango kumutu. Ndamufunsa m'Chichewa chifukwa chake sali m'kati. Wayankha m'Chingerezi kuti akufuna aziwaona agogowo akubwera. Amayi sindinawauzebe kanthu za kekeyi.

Loweruka

Ndalama yalowa. Mapaundi asanu ndi anayi ndi timakobidi. Ndayang'ana kumbuyo kwa foni ngati kuli ina.

Zimene ingagule:
- nkhuku ya mufiriji
- basi yopita kukagula nkhukuyo

Lero ndine ndawaimbira a Gondwe, kuti ndiwakalipire, ngakhale sanalakwe. Akuti aliyense wa ife ankaberedwa pang'onopang'ono, ndiye chobwerera sichingakhale ng'ombe. "Nokha mukanapita kukhoti chifukwa cha timakobidi? Chachikulu n'choti kudula mobisa kuja aleka." Ndayesa kutumiza ya amayi ya mwezi uno, ndipo zoonadi, yafika yonenepako kuposa kale. Zandikwiyitsa kuti akunena zoona.

Lamulungu

Kutchalitchi palibe wandinyoza. Mayi Banda akuti yawo agulira masokosi. A Zulu andigwira chanza ndi manja awiri, akuti aka n'koyamba kupambana mlandu pa moyo wawo.

Tikiti palibe. Ndalembetsa mashifiti owonjezera a Loweruka mpaka Khirisimasi, ndipo mwina nyengo yokolola ikamatha amayi akwera ndege. Masana ndalimba mtima, ndawaimbira, ndawauza zonse, za maloya, za keke, za ine pakhomo.

"Ine juzi ndagula kale pa kaunjika, yaubweya, ya kuzizira kwanuko," atero. "Juzi siwola, mwana wanga. Udzandiuza mwezi wake."

Tadala wakakamira kuti aione. Amayi alowa m'nyumba, atuluka ataivala, dzuwa la ku Ntcheu likuswa mtengo. Akhala nayo choncho pakhonde, thukuta lili kamukamu, mpaka mwana wamaliza kuwerenga mabatani ake.