Dzanja Lamanzere la a Nyirenda

Lolemba

A Nyirenda abwera kuchokera ku Joni! Abwera ndi galimoto yobiriwira, yaitali ngati ngolo ziwiri. Ng'ombe za malowolo anapereka kale kwa adada, koma ukwati udikira, poti Lamulungu madzulo akwera basi kubwerera kuntchito. Galimoto itsala kuno.

Injini yake akuti inali m'galimoto ya mpikisano. Giyabokosi yafera pa Champhira, ndiye lole yaikoka mpaka pansi pa mango kwawo.

Ndapita kukawalonjera. Ndagwada patali monga mwa mwambo. Akuti galimoto iyi imasintha yokha magiya. Kenaka atsitsa mawu: "Dzanja lamanzere likhala lopanda ntchito, NyaMoyo." Alonjeza kuti Lamulungu tipita kutchalitchi ku Champhira, ine kutsogolo.

Ine ndangothokoza kuti yewo. 

Ndaganiza bwinobwino. Woyendetsa amakhala kumanja. Dzanja lawo lamanzere liyandikana ndi langa lamanja. Choncho:
kulidzola mafuta m'mawa ndi madzulo
kutonola chimanga ndi lamanzere
osagwira phulusa
osauza munthu.

Lachiwiri

Tili ku boma kukafuna giyabokosi ina. Ankhazi awo a Nyirenda, mlongo wa adada awo, atiperekeza kuti anthu asanene. Akhala pakati pathu m'basi. Ndi aakulu thupi.

Pachipata cha msika achinyamata akufunsa khadi la chipani. Langa lili m'kansalu, kansalu kali m'thumba, thumba lili pachifuwa. Ndikulitulutsa ndi lamanzere, mzere wonse ukundidikira. Manyazi!

A Jafali, amakaniko a kuseri kwa msika, ali ndi giyabokosi yochokera m'kagalimoto ka mayi wina wa mishoni. Pali ndi chitsulo china chozungulira ngati dzungu lophwatalala. Dzina lake konveta. Chimakhala pakati pa injini ndi giyabokosi, m'kati mwake muli mafuta ofiira.

A Jafali akuti konveta iyi inazolowera injini yofatsa. "Yanuyo ndi nkhunzi, achimwene." A Nyirenda akuti zitsulo zimazolowerana.

Pobwerera pa lole konveta ndaifungatira ine pamiyendo, kuti isagubuduke. Yadontha. Diresi langa lachiwiri pa kukongola latha ntchito. Dzanja lapulumuka.

Lachitatu

Akumba dzenje pansi pa galimoto. A Jafali afika panjinga. Mabowo a injini ndi a giyabokosi sakuyang'anizana onse. Ena inde, ena akuphonyana pang'ono chabe, ngati mabatani omangidwa mumdima. A Jafali akusema chitsulo cha pulawo yakale kuti chikhale pakati.

Ntchito yanga: kusunga mabawuti m'beseni. Ndawasanja aatali kwaokha, aafupi kwaokha. Palibe waona.

Tsiku lonse ndaona mapazi a Nyirenda okha. Ali ndi chipsera pachidendene chakumanzere, sindinkachidziwa. Masana dzanja latuluka pansi pa galimoto, lotambasula. Mtima wanga phaa! Likufuna sipanala. Ndaika sipanala mosamala chomene, mwakuti sitinakhudzane ngakhale chikhadabo.

Chifukwa chiyani ndinasamala chotero?

Amama akufunsa ngati dzanja lamanja lili ndi chilonda. Ndati likupumula.

Lachinayi

Injini yalira! Nkhuku zathawira kumunda wa fodya. Mwana wa kwa a Tembo wadzikodzera. Injini imeneyi siyankhula, imakalipa.

A Nyirenda akhala pa chiwongolero, akoka kamtengo ka giya kufika pa D, chilembo chopitira kutsogolo. Galimoto yadumpha kamodzi ngati chule, yazima. Ayesanso. Chule. Ayesanso. Chule.

A Jafali afotokoza, ine ndikumvera kuseri kwa nkhokwe. Akuti m'konveta muli mapiko awiri oyang'anizana, sakhudzana. Lina likazungulira limakankha mafuta, mafutawo ndiwo amazunguza linzake. Injini ya mpikisano imafuna ithamange kaye isanasenze katundu, koma konveta ya amishoni imagwira msanga, injini n'kutsamwa.

Mapiko awiri oyang'anizana, osakhudzana. Ndabwerera kunyumba.

Madzulo ayesa mpaka batire latha. Ankhazi alengeza kuti Lamulungu kutsogolo akhala iwo, chifukwa cha mawondo. A Nyirenda anali pansi pa galimoto, sanamve. Kapena anamva?

Zotsala: masiku atatu, mafuta odzola theka la botolo.

Lachisanu

A Jafali sabwera lero, ali kumzikiti. Adada awo a Nyirenda akuti chibadwire sanaone galimoto yokana kulira ikakankhidwa. A Nyirenda akuti yosintha yokha magiya silira poikankha. Adada awo akuti mwana wapita ku Joni dzana lomweli.

Mbwenu basi, tikukankha.

Azimayi a m'mudzi akuchokera kokonzekera magule a chipani, avala kale nsalu zawo. Alowa onse kumbuyo kwa galimoto, nyimbo ili pakamwa. Ine ndinati ndikankha ndi phewa lokha, koma ankhazi andiyang'ana. Ndagwira ndi manja onse.

Tadutsa nkhokwe, khola, chitsime. Pa mtsetse galimoto yatisiya. Yapita yokha mwakachetechete, mokongola, a Nyirenda atakhala m'kati mowongoka ngati bwanamkubwa. Yakaima kudambo, matayala m'matope.

Sinalire.

Thuza pachikhatho chamanja, pakati penipeni. Ndalira pang'ono kuseri kwa bafa, ndadzola mafuta mozungulira.

Loweruka

Batire tabwereka la kuchigayo. A Jafali afika, ayang'ana matope, ayang'ana adada awo a Nyirenda. Apotokola kasikuluwu kuti injini izithamanga ngakhale itaima, isamatsamwe. Akuti si mankhwala, n'kunyengerera chabe.

D! Ulendo uno sinazime. Yatuluka m'matope ngati yalumidwa ndi njuchi, yakwera mtunda wonse, yazungulira chulu, ana akukuwa m'mbuyo. Ndinaona dzanja lawo lamanzere litakhala phee pampando. Ndinaliona ndi maso anga!

Kenaka fungo la chinthu chopserera. Mafuta ofiira akuwira, akutsika pansi. Injini ikukalipabe koma galimoto yaima. Giyabokosi ya amishoni yapsa m'kati. Wina akuti tithiremo mafuta ophikira. A Jafali amanga zida zawo panjinga. Akuti giyabokosi ndi konveta zoyenera injini iyi zili komwe injiniyo inachokera.

A Nyirenda akhala pachulu, mutu m'manja. Ndawapititsira madzi. Ndinakonza mawu njira yonse: musadandaule, tikhoza kuyenda wapansi. Nditafika ndati, "Madzi."

Iwo ati, "Yewo."

Lamulungu

M'mawa a Nyirenda abwera kwa adada, chipewa m'manja. "Ndapota, adada, mundibwereke ng'ombe ziwiri." Zomwe zija za malowolo anga. Akuti lonjezo ndi lonjezo.

Azimanga goli, tcheni ku bampala. Ankhazi aona kuti wakutsogolo ayang'anizana ndi michira ya ng'ombe ulendo wonse, mawondo achira. Akhala kumbuyo.

Ndakhala kutsogolo! Mpando wofewa, wonunkhira sopo wa ku Joni. Ndaika dzanja pakati pathu, thuza pansi.

Palibe anandiuza kuti injini ikazima chiwongolero chimauma ngati chitseko cha khola. A Nyirenda achigwira ndi manja awiri kuyambira kwathu mpaka pa Champhira. Thukuta kamukamu. Pamalo pena powongoka lamanzere linayamba kutsika, koma ng'ombe yakumanja inaona msipu.

Tafika anthu akutuluka m'tchalitchi.

Basi yabwera msanga, lero lokha. Atsanzika onse pamzere: adada awo, amama awo, ankhazi, abusa, ine kumapeto. Agwira dzanja langa monga agwirira a ena onse, koma achedwa pang'ono. Ayang'ana pansi.

"Lofewa chomene, NyaMoyo."

Akuti pobwera adzatenga giyabokosi ndi konveta zoyenera. Mwina chaka chamawa, mwina chinacho.

Ng'ombe zabweza galimoto. Ili pansi pa mango, nkhuku yakwera kale pampando wanga. Pachikhatho pali chidindo chakuda cha chala chawo, pambali pa thuza. Ndadya ndi lamanzere, amama angondiyang'ana.

Mafuta otsala m'botolo safika chaka chamawa. Ndatseka bwinobwino, ndaika pansi pa sutukesi. Mawa nditonola ndi manja onse.