Ndinakhuza maliro a Meg

Nkhani iyi ndinangouzako munthu mmodzi, mlamu wanga Zuze, ndipo ndinalakwitsa. Zuze amagulitsa mbuzi pa Tengani, ndipo pakamwa pake palibe chitseko. Lero anyamata a kabaza akandiona amaliza belu n'kumaseka. Ndiye bola ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga zina.

Mkazi wanga Luwiza anamwalira titangokhala m'banja zaka ziwiri. Za matenda ake sindilemba pano. Pa maliro ake ine ndinangokhala pamphasa ngati chitsa, anthu n'kuchita zonse. Anyamata anathyola masamba a nimu n'kuyala pamsewu, amayi anatulutsa mipando m'nyumba, akwaya anaimba mpaka mawu kusasa, adzukulu analimbana ndi dothi louma la m'chilimwe. Zonsezo zinandidutsa ngati kumaloto. Chomwe ndimakumbukira bwino ndi tsiku limene anthu anabalalika, ine n'kutsala ndekha ndi makapu awiri pathandala.

Patapita miyezi, mpingo wathu unapeza mwayi wotumiza munthu mmodzi ku Scotland kukaphunzira za utumiki kwa chaka. Akuluakulu anasankha ine. (Ananena kuti n'chifukwa choti ndinapita ku koleji ndipo Chingerezi ndimachitha. Ine ndikuganiza kuti anatopa n'kundiona pakhonde ndikuwerenga mbuzi za eni.)

Kumeneko m'kati mwa sabata ndinkakhala m'kalasi, Lamlungu n'kumathandiza pa kampingo kena m'tauni yaing'ono. Ndikati kuthandiza ndikutanthauza kusanja mipando ndi kutsuka makapu a tiyi. Ine mwana wa m'chigwa cha Shire, wokulira kumene mchenga umawotcha mapazi ngakhale uli mu patapata, ndinkavala majuzi atatu n'kumaoneka ngati thumba la thonje loyenda lokha. Za Luwiza sindinauze aliyense. Anthu ankangoti ndine mnyamata wofatsa.

Lamlungu lina abusa athu anali atapita kukalalikira kwina. Titatuluka m'mapemphero, mayi Fiona, amene ankayang'anira za tiyi, anandinong'oneza uku akupukuta makapu.

"Mwamva za a Duncan? Meg watisiya m'mawa uno. Zaka khumi ndi zinayi ali limodzi, tangoganizani."

A Duncan ndinkawadziwa. Anali bambo wachikulire, wamtali, wokhala pabenchi ya kumbuyo, wosakonda zolankhula. Mkazi wawo ndinali ndisanamuonepo kutchalitchi, ndiye ndinangoti mwina anali wodwaladwala. Ndipo apa mundimvetse, anthu inu. Mayi Fiona sanagwiritse ntchito mawu wamba a imfa. Anasankha mawu aulemu aja, ofanana ndi athu oti "watisiya" kapena "watsogola". Kwathu mawu amenewo ali ndi eni ake.

"Nanga kunyumbako ali ndi ndani?" ndinafunsa.

"Palibe. Mwana wawo amakhala kutali. Tiwasiye kaye apume. Mawa tiwalembera kakhadi."

Kakhadi! Munthu wataya mkazi m'mawa, mtembo sunazizire n'komwe, mpingo wonse ukumwa tiyi ndi mabisiketi, ati kakhadi mawa. Ndinaona makapu awiri aja pathandala. Ndinati m'mtima, bambo amenewa sagona okha lero, ine ndili moyo. Ndinatinso mwina ichi n'chimene Mulungu anandiwolotsera nyanja, kudzaphunzitsa azungu kukhuza maliro. (Kudzikuza kumabwera kutavala jekete la utumiki. Ndinazindikira mochedwa.)

Ndinathamangira kuchipinda kwanga, n'kutenga bulangete, buku la nyimbo ndi paketi ya shuga. Nyumba ya a Duncan ndinkaidziwa chifukwa tinakasiyako kalata ya mpingo tsiku lina. Nditafika mumsewu wawo ndinapeza kuli zii. Magalimoto akungodutsa ndi liwiro, mwana wina akupalasa njinga uku akuimba mluzu. Panalibe chilichonse chosonyeza kuti pano pagwa zovuta.

Nimu kulibe kumeneko. Koma nyumba yoyandikana nayo inali ndi mpanda wa maluwa wobiriwira bwino, wometedwa ngati mutu wa msilikali. Ndinathyolako nthambi zokwanira, n'kuyala mzere umodzi kumtunda kwa msewu, wina kumunsi. Galimoto yoyamba inafika n'kuima. Woyendetsa anandiyang'ana, ine n'kumuweramira mwaulemu. Anazungulira masambawo pang'onopang'ono. Ndinati, mwaona, ulemu ngophunzitsa.

Pa maliro sitiodira, koma chitseko chinali chokhoma, ndiye ndinagogoda. A Duncan anatsegula, maso ali psuu.

"Aa, ndiwe mnyamata wa ku Malawi uja. Lowa, kukuzizira."

Ndinalowa osanena kanthu, n'kuvula nsapato, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo, miyendo nditatambasula. Anandilozera mpando. Ndinapukusa mutu. Anaima kanthawi akundiyang'ana, kenako anakhala pampando wawo. Tinakhala chete. Kukhala chete ndi ntchito imene ndimaitha kuposa zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dzikolo ndinamva kuti ndikutumikira.

Kenako ndinaganiza za anthu. Masamba ali pamsewu, uthenga ufalikira, amayi a mpingo akafika akhala pati? Ndinadzuka n'kunyamula katebulo ka pabalaza kupita nako panja. Ndinabwerera mipando iwiri ya ndalema. Nditagwira sofa, a Duncan anatsokomola.

"Mwana wanga, katunduyu ukupita naye kuti?"

"Tikonze malo, bambo. Anthu abwera."

"Anthu ati?"

"Abwera basi. Inu musavutike ndi kanthu, khalani."

Anandithandiza kunyamula sofayo. Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake. Mwina chisoni chinawafoola, mwina anaopa kukhumudwitsa mlendo. Tinakaiika pakapinga, kamvula kowaza ka kumeneko kakuyamba.

Titabwerera m'nyumba ndinakhalanso pansi n'kupereka shuga uja ndi manja awiri. Ndinati, "Pepani, bambo. Mwataya mnzanu."

Apo m'pamene anatseguka. "Mnzanga weniweni," anatero. "Ndikachokapo ankandidikirira pakhomo mpaka ndibwere. Usiku ankagona kumiyendo kwanga."

"Ulemu wotere ngosowa masiku ano, bambo."

"Koma alendo sankawafuna. Wamakalata anamulumapo."

"Anamuluma?"

"Pakatumba. Mpaka tinalipira thalauzi."

Ndinakumbukira azakhali anga ena a ku Chapananga amene analuma khutu la wogula thonje atawabera pasikelo. Ndinati, "Tonse tili ndi zofooka zathu, bambo. Mulungu amayang'ana mumtima."

Anandiyang'ana mwachidwi, n'kugwedeza mutu. "Malemu mkazi wanga Moira ndiye anabwera naye pakhomo pano. Ine ndinkakana. Anandiuza kuti, Duncan, ine ndikadzapita udzafuna wokusungulutsa."

Apa munthu wanzeru akanaima n'kufunsa. Ine, wa ku koleji, ndinapeza yankho ndekha. Kwathu akuluakulu amasimba za nthena, mwambo woti mkamwini akakhala wakhalidwe labwino akuchikazi amamuwonjezera mng'ono wa mkazi wake. Ndinati kani azungu nawonso ali nayo nthena, amangobisa m'mabuku. Ndinayamba kale kuganiza zoti nkhaniyi ndikaifunse m'kalasi.

"Mayi Moira anali ndi mtima waukulu," ndinatero. "Si akazi ambiri angachite zimenezo."

"Ankagwirizana kwambiri awiriwo. Ankadyera mbale imodzi nthawi zina, ine n'kumakalipa."

Ndinatsegula buku la nyimbo n'kuimba vesi imodzi m'Chichewa, motsitsa mawu. A Duncan anapukuta m'maso. Nditamaliza ndinafunsa funso la munthu wodziwa mwambo.

"Thupi lili kuchipatala, bambo?"

"Ayi, lili kuseri, m'kanyumba kosungira makasu. Ndamukulunga m'bulangete lake. Ndimafuna ndimuike pansi pa mtengo wa maapozi uwo, koma msana wangawu sundilola kukumba."

M'kanyumba ka makasu! Manda kuseri kwa khitchini, popanda abusa, popanda bokosi, popanda boma kudziwa! Koma mwini maliro satsutsidwa pa tsiku loyamba, ndipo mwini maliro sakumba manda. Ndinati ndiyambe ndakhala mdzukulu, zinazo tikambirana abusa akabwera.

Tinatuluka kuseri. Anandipatsa fosholo. Ndinayesa mapazi asanu ndi awiri m'litali n'kuyamba kulemba mzere pakapinga.

"Ukukumba chitsime kodi?" anafunsa a Duncan. "Chonchi basi." Anatambasula manja ngati msodzi wa kudambo la Elephant Marsh akusimba za mlamba wapakatikati.

Ndinayang'ana manjawo. Ndinayang'ana kanyumba ka makasu, komwe chitseko chake chinali chotsegula pang'ono. Pansi panali bulangete lofiira, ndipo kumapeto kwa bulangetelo kunatulukira mchira. Wakuda, wansonga yoyera.

Ndinakumbukira wamakalata. Ndinakumbukira mbale imodzi ija. Ndinakumbukira kuti ndanena ndi pakamwa panga, ine wophunzira za utumiki, kuti Mulungu amayang'ana mumtima.

"Bambo," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwanapiye, "Meg anali galu?"

"Nanga iwe umayesa ndani?"

Ndisanayankhe, pampanda panatulukira mutu wa mayi wina, nthambi zanga zija zili m'manja. Nkhope yawo inali yofiira ngati phwetekere.

"Duncan! Pali wamisala wina wandithyolera mpanda n'kutaya mumsewu! Ndipo n'chifukwa chiyani sofa yako ili pamvula? Akulanda katundu?"

A Duncan anayang'ana mayiwo, n'kuyang'ana ine ndi fosholo yanga ndi manda anga a mapazi asanu ndi awiri. Ndinafotokoza zonse, mutu uli pansi: masamba, mipando, shuga, ngakhale nthena. Nditafika pa nthena anagwira mtengo wa maapozi. Anaseka mpaka kutsamwa, anaseka mpaka mayi aja anachita mantha n'kubwerera m'nyumba mwawo. Kenako ndinaona kuti kusekako kwasanduka china, ndipo ndinayang'ana kumbali, monga tichitira.

Ndinafuna kuthawa. Koma fosholo inali kale m'manja, ndiye ndinakumba. Dothi la kumeneko n'lofewa ngati la kudimba. Tinamuika Meg, n'kukwirira. A Duncan anavula chipewa n'kundiyang'ana modikira. Kwathu galu akafa timamukokera kudzenje ndi chingwe, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinapemphera. Ndinasamala mawu kwambiri kuti ndisalonjeze chilichonse chimene sindingachiteteze pamaso pa aphunzitsi anga, koma ndinapemphera.

Tikulowetsa sofa yonyowa ija, a Duncan anati, "Moira atamwalira, anthu anabwera kutchalitchi, anadya masangweji, pofika madzulo aliyense anali kwawo. Palibe anandikhalira pansi. Ndinatsala ndi galuyu." Anaika mbali yawo ya sofa pansi n'kupuma. "Iwe zimenezi unazidziwira kuti? Ndiwe mwana."

Ndikanatha kunena kuti ndi mwambo wa kwathu, n'kuthera pomwepo. Ndi mmene ndinkayankhira mafunso onse chaka chimenecho.

"Dzina lake anali Luwiza," ndinatero.

Sanandifunse zambiri. Anapita kukhitchini, anatsegula shuga wanga uja, n'kubwera ndi makapu awiri. Ndinagona komweko, pansi, m'bulangete langa, popeza sofa inali yosagoneka. M'mawa ndinakapepesa kwa mwini mpanda, ndipo Loweruka lililonse mpaka dzinja lawo litatha ndinkakawasesera pabwalo. Abusa atamva nkhaniyi anatseka chitseko cha ofesi kuti aseke bwino, kenako anandipatsa mayina a okalamba ena oti ndizikawayendera. Anangondipempha kuti katundu wa m'nyumba ndizimusiya momwemo.

Nditabwerera kumudzi ndinamufotokozera Zuze tikudya chimanga chowotcha pamsika. Ndinkayesa kuti monga mlongo wake wa malemu amva mbali yachisoniyo. Anagwa pabenchi.

"Mulamu! Ndege yonse ija, mpingo kusonkha, kuti mukaike mwanambwa m'manda? Munaimbanso nyimbo?"

"Vesi imodzi yokha."

"Abusa a mwanambwa! Mbuzi yanga ikafa ndikuitanani, mubwere ndi shuga!"

Anaseka mpaka misozi, kenako anati Luwiza akanamva akanaseka kuposa iyeyo. Zimenezo n'zoona. Akanandisimba m'chigwa chonse, mpaka kutsidya kwa Shire.

Ndiye phunziro ndinalitolapo. Masiku ano munthu akandiuza kuti uje watisiya, ndisanathyole tsamba la mwini ndimayamba ndafunsa mwaulemu kuti malemuwo anali ndi miyendo ingati. Koma yankho likhale iwiri kapena inayi, bulangete ndimanyamulabe.