Madzi Osadikira Mvula

Lolemba

A Gondwe akubwerera kumudzi Lamlungu. Kontilakiti yatha. Zaka zinayi akuyendetsa galimoto ya bwana wina ku Al Markhiya, zaka zinayi bedi lawo pansi, langa pamwamba, m'kachipinda kathu ka anthu sikisi kuno ku Al Mansoura, mumzinda wa Doha.

Atsala ndi khumbo limodzi: chithunzi ataima m'madzi, nsomba ili m'manja. Anauza akazi awo kalekale kuti amakhala m'mbali mwa nyanja ndipo nsomba amachita kutola. Zoona zake, nyanjayo amangoionera pa windo la galimoto.

Ndawauza kuti mtima m'malo. Ine ndinakulira m'mbali mwa mtsinje wa Bua, mpasa zimandidziwa ndi dzina. Lachisanu tonse tili pa ofu.

Zofunika:
mbedza
twayini
ndodo ziwiri
nyongolotsi
foni yotchaja

Lachiwiri

Kushopu ya pakona mbedza kulibe. "Mafi, blockade," akutero mwini wake, kutanthauza kuti palibe. Masiku ano chilichonse chikasowa akuti ndi chifukwa aneba atseka malire. Dziko loti ng'ombe zikubwera pa ndege, koma kambedza kamodzi ayi!

Ndapinda waya wa hang'ala. Ukauyang'ana ndi chikondi ukuoneka ngati mbedza.

Ndodo zapezeka. Anzathu a m'chipinda akufunsana kuti mopu ndi tsache zaduka bwanji mitu. Ine sindikudziwapo kanthu.

Lachitatu

Nyongolotsi. Pa geti pomwe ndimalondera pali kapinga wobiriwira bwino, ndiye nthawi yopuma ndikukumba ndi supuni. Kukumba, kukumba, mpaka ndamva kanthu kofewa. Si nyongolotsi, ndi kapaipi kothirira. Madzi mpaka kumaso.

Supavaiza wafika ndili chinyowere. Ndamuuza kuti ndimaona ngati pansi pali chitetezo chokwanira. Wandiyang'ana nthawi yaitali, kenako wangoti "Yalla," ndibwerere pa geti msanga.

Nthaka ya kuno ngakhale nyongolotsi zinaikana. Nyambo ikhala chikopa cha nkhuku ndi buledi.

Lachinayi

A Gondwe agula nsapato. Zofiirira, zosongoka kutsogolo, zonyezimira moti ungametere ndevu. Akuti ndi zotsikira ndege, apongozi awo akaone kuti zaka zinayi sizinapite pachabe. Azipukuta katatu chigulireni. Mawa akufuna kuzivala, kuti tikajambulenso chithunzi china ataima pa gombe.

Mnzathu wa ku Mombasa, amene amagona pafupi ndi chitseko, walowererapo. Akuti tiyambe taona nthawi ya madzi. Ati madzi a m'nyanja yamchere amabwera ndi kupita ngati alonda pa shifiti.

Ndaseka. Madzi amakwera mvula ikagwa kumtunda, mwana aliyense wa ku Bua amadziwa zimenezo. Kuno mvula inagwa liti?

Lachisanu

Basi, kenako wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Tafika. Madzi ali kutali, pakati pali mchenga wautali ngati mabwalo atatu a mpira. Ndasankha mwala wabwino wouma. "Ikani nsapato apa akulu, madzi safika." Aziika bwinobwino, atazifunditsa kampango.

Tikulowa ndi mapatapata. Madzi m'mapazi. Kuyenda, kuyenda, madzi m'mawondo. Ndikufunafuna komwe madzi akuchokera kuti tiponye motsata mayendedwe ake. Sakuchokera kulikonse. Mtsinje wanji wopanda kumtunda?

Buledi wasungunuka. Chikopa cha nkhuku chadyedwa ndi nkhanu, ndipo itamaliza yandigwira chala chachikulu.

Patapita nthawi a Gondwe akuti, "Achimwene, ine sindinasunthe. Nanga bwanji madzi andifika m'chiuno? Ndikufupika kapena?"

Tatembenuka. Mchenga uja palibe. Mwala uja palibe. Kumwamba kuli mbee, popanda ngakhale kamtambo.

Chithunzi chilipo chimodzi: a Gondwe madzi m'chifuwa, kukamwa yasa, ndodo ya mopu m'mwamba, ndere zikulendewera. Pakona pali chala changa.

M'basi pobwerera a Gondwe akungoyang'ana mapatapata awo.

Loweruka

A Gondwe akulongedza katundu osandiyang'ana. Wa ku Mombasa sananene kuti "ndinakuuzani." Bola akananena.

Nditaweruka ndapitanso kugombe kuja. Madzi achokanso. Mwala uli pompo, wouma, ngati sunalakwe kanthu. Ndayenda uku ndi uku, ndatola chivindikiro cha ndowa ndi patapata la munthu wina.

Ndili ndi manyazi, ndipo ndili ndi chisoni. Munthu ameneyu ndi amene amandigwedeza phazi m'mawa uliwonse kuti ndisachedwe ku shifiti. Mayi anga atamwalira ine ndili kuno, anakhala nane pa masitepe mpaka misozi itatha. Ine ndamubwezera pomupititsa kwa apongozi ndi mapatapata.

Ndatulutsa nsapato zanga za kutchalitchi, zakuda. Ine ndimavala teni, iwo eyiti. Ndafwatika nyuzipepala kutsogolo, ndazipaka polishi, ndaziika pa bedi lawo.

Lamlungu

Azivala. Akamayenda zikumveka khwapu, khwapu, ngati munthu akuwomba m'manja kumbuyo kwawo. Ayenda mpaka pachitseko ndi kubwerera, kenako aseka mpaka kukhala pansi. "Khalas, zatha, achimwene. Ndikawauza kuti ku Doha fasho yake ndi imeneyi."

Chithunzi atumiza kale. Akazi awo afunsa kuti nsomba ili kuti. Ayankha kuti inali yaikulu kwambiri, inathawa ndi nsapato.

Takisi yabwera msanga. Ndawanyamulira chikwama mpaka pamsewu. Andigwira dzanja nthawi yaitali, kenako akuti ndibweze ndodo ya mopu, anthu akuvutika.

Zomwe ndagwira sabata ino: ndere, chimfine.
Zomwe zapita: kapaipi, mopu, tsache, nsapato zawo, nsapato zanga, a Gondwe.

Bedi la pansi lili pululu. Ndaika maalamu awiri pa foni, popeza wondigwedeza phazi palibe. Wa ku Mombasa akuti ndisadandaule, madzi akachoka amabweranso pakangopita maola ochepa. Ndamufunsa za anthu. Akuti zimenezo sakudziwa.