Galimoto ya a Cyril Idakadontha

Kuno ku Brindlecote aliyense akudziwa kuti malemu Cyril Pettifer ankatha kukhululukira wakuba, wabodza, ngakhale woledzera m'tchalitchi, koma munthu wosintha kanthu pa galimoto yakale ankamuona ngati mfiti. Yawo inali yobiriwira, ya mipando iwiri, yopangidwa konkuno ku Mangalande iwo akadali mnyamata. Lamulo lawo linali limodzi: mmene inatulukira ku fakitale, ikhale choncho mpaka tsiku lachiweruzo. Amiseche amati chimene chinkawasowetsa tulo ndi mpweya wa m'matayala, poti unali wa masiku ano.

Amene anamva nawo kuwawa ndi Roy Tunnicliffe, mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo. Roy anali ndi galimoto ya mtundu womwewo, koma anaitumbula ngati nkhuku. Anaikamo injini ya ku Japan, mabuleki ogwira, giya yachisanu ndi kachipangizo kotenthetsa mapazi. Lamlungu lililonse eni magalimoto akale tikasonkhana pabwalo la bala ya kumphambano, awiriwa ankayambana injini zisanazime n'komwe.

"Wabwera ndi makina ako ochapira zovala aja?" a Cyril ankatero.

"Koma ndafika ndekha. Iwe akukankha kangati lero?"

"Kawiri basi. Ndi mmene anaipangira."

Mawu amenewa anali yankho la chilichonse. Nyali zikazima chifukwa choti aliza hutala, ndi mmene anaipangira. Pamalo pamene a Cyril ankaimika panali banga lakuda la oyilo, lalikulu ngati thireyi, ndipo mwini bala anatopa nalo kudandaula. Roy anagula kalabala kamakono kotsekera podonthapo, n'kumayenda nako m'thumba la jekete.

"Ndikuikira ulere, Cyril. Palibe adzakaone."

"Ndidzakaona ine. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tsiku limene idzasiye kudontha, udzadziwe kuti yafa."

Chaka china a Cyril anapambana chikho pa chionetsero cha magalimoto osasinthidwa. Oweruza ake amavala magolovesi oyera, n'kumasuzumira kunsi ndi kalilole womangirira ku ndodo. Sanapeze cholakwika. A Cyril atalandira chikhocho anachiika pa udzu, anakwawira pansi pa galimoto ndi suti yawo, n'kutuluka ndi kabawuti konyezimira.

"Maso anu ndi okongoletsa nkhope? Aka n'ka dzana aka."

Kanali kabawuti kamene Roy anamangira paipi ya utsi itagwa pamsewu sabata yomweyo. A Cyril anabweza chikho, n'kupita kwawo akuimba mluzu, osangalala kuposa amene anachitenga.

Koma mtanda wa chikhulupiriro chimenechi anausenza ndi akazi awo, a Doreen. Denga la galimotoyo linali la tenti, la tizitsulo ndi mabatani osawerengeka, moti pamene a Cyril ankamaliza kulikunga mvula inkakhala itakata, a Doreen atanyowa kale mpaka ku masokosi. Nthawi yachisanu ankakhala kumanzereko atafunda bulangeti, botolo la madzi otentha lili pamiyendo. Sankadandaula, galimotoyo ankaikonda. Chimene ankalakalaka chinali kuiyendetsa okha, koma chiwongolero chake chinali cholemera ngati ukukoka ng'ombe yokana kupita kudibi, ndipo manja awo anali ndi nyamakazi.

Roy anangotchula kuti kuli kamota kamagetsi kobisika pansi pa chiwongolero, kofewetsa zonse. Analakwa. Pa bala yathu timagulirana mowa mosinthana, ndiye mwezi wathunthu nthawi ya a Cyril ikakwana ankagulira aliyense mowa, Roy n'kumuikira tambula ya madzi.

"Imwa. Ndi zamakono, sizidetsa injini."

Masamba atayamba kuyoyoka chaka chathachi, a Cyril anatsikira kuli chete ali pampando wawo, nsanza yopukutira galimoto ili m'manja. Tsiku la maliro Roy ndiye anayendetsa yobiriwirayo kutsogolo kwa mdipiti. Pa chitunda cha kutchalitchi inatsokomola, n'kuzima. Tinatsika ndi masuti athu akuda kukaikankha, abusa nawonso anapinda mkanjo. Wina kumbuyo anati, "Ndi mmene anaipangira," ndipo tinafika kumanda tikuseka misozi ili mbwembwembwe.

Chisanu chitatha, a Doreen anaitanitsa Roy ku galaja. Anamuika makiyi m'manja.

"Kamota kaja, Roy. Kaike."

Munthu anadikira mwayi umenewu theka la moyo wake. Koma anangoyang'ana masipanala a mnzake ali ndondondo pakhoma, fungo lake la oyilo ndi fodya wa kaliwo lidakalipo.

"Doreen, bwanji tiyambe taganiza? Galimoto imeneyi sinakhudzidwepo. Zotere zatsala zochepa."

"Wayamba kuyankhula ngati iye."

"Nanga ndikakamupeza uko ali, ndikanena kuti chiyani?"

"Ukamuuze kuti mkazi wake anatopa ndi bulangeti. Ukakana, a nyumba yosungira zakale akuifuna. Akaikhetsa oyilo yense, n'kuizinga ndi chingwe chofiira."

Roy anagwira njakata. Nyumba imeneyo a Cyril ankaitcha manda a magalimoto, ndipo ankati bola kufera pamsewu. Kuisiya mmene inalili kunali kuiika m'manda amenewo; kuti iyende, anayenera kulakwira mnzake amene sakanathanso kumuyankha. Zinamuwawa, ndipo sanabise.

Anagwira ntchitoyo pang'onopang'ono, ngati akuchotsa munga pa phazi la mwana. Oyandikana nawo ankamumva akupepesa bawuti iliyonse asanaimasule. Zonse zimene anachotsa anazikulunga m'nsanza ija n'kuziika mu chitini cha mabisiketi, kuti wofuna adzabwezeretse. Atamaliza anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kalabala kaja. Anali kale pansi pa galimoto, sipanala ili m'manja, ndipo wom'letsa panalibe. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakabwezera m'thumba.

Pa bala paja timasonkhanabe, mowa ndi womwe uja, koma phokoso linachepa. Palibe amagwada kufufuza mabawuti a anzake, palibe amatiuza kuti utoto wathu ndi wabodza. Banga lija linasuluka ndi mvula, komabe palibe analimba mtima kuimikapo. Roy akafika ankazimitsa injini n'kukhala kaye m'galimoto, ngati akudikira kuti wina amutukwane.

Lamlungu lina dzuwa litatuluka tinamva kutsokomola kodziwika kuchokera kumphambano. A Doreen analowa pabwalo atamanga mpango kumutu, akukhota ndi dzanja limodzi, linalo akutibayibitsa. Anaimika pa banga paja ndendende. Roy anagwada ndi maondo ake olirawo n'kusuzumira kunsi. Dontho lakuda linatupa pang'onopang'ono, kenako linagwa, tho.

"Zili bwanji kumeneko?" anafunsa a Doreen.

"Idakadontha."

"Chabwino." Anatsika, anavula magolovesi, n'kuyang'ana galimoto ya Roy kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Nanga iwe, wabwera ndi makina ako ochapira zovala aja?"

Roy anadzuka. Analowa m'bala akupukuta m'maso ndi mkono wa jekete, n'kugulira aliyense mowa, ngakhale nthawi yake inali isanakwane.