Tsiku limene ndinatendera fodya

Anzanga, mukundidziwa ine kuti nkhani za eni ake ndimatola ngati nkhuku pamtondo, koma lero ndikuuzani yanga ndekha musanaimve kwa ena itathiridwa kale mchere.

Chinali chaka china cha makuponi, dzuwa la Okutobala lija, zigafa zili mbee fodya atapita kale ku okushoni. Asewere anga a kwa Mwase, makolo a mkamwini wanga, anatumiza uthenga kuti akubwera kudzaona mdzukulu wathu Takondwa, kamtsikana ka zaka zitatu kamene ndimatsala nako amake akapita ku geni ku Boma. Tsono ine ndinali nditalengeza kale kuchitsime kuti asewere aakaziwo kutendera sadziwa, ndiwo zawo nsinjiro kwina madzi kwina, ndipo mawuwo anali atawapeza. Ndiye ndinati abwere, adzaone okha mmene mfutso wa nkhwani umatenderedwera.

China chimene simunkachidziwa nthawi imeneyo n'chakuti ine ndimafwenkha fodya. Mobisa. Abambo akunyumba ndi mkulu wa mpingo, ndipo kwathu kuno kulima fodya si mlandu, mlandu ndi kumuika pamphuno. Zinyenyeswa za fodya wa bale ndinkazisunga m'kathumba m'chigafa, pafupi ndi kathumba ka mfutso, kuti wondiona ndikulowamo aziti mayi akukatenga ndiwo. Nzeru zimenezo.

Madzi angoyamba kuwira, ndinangomva kwa Nabanda, oyandikana nawo nyumba, kwabuka. Kuponi ya feteleza imene mwamuna wake ankalumbira kuti inatayika, inapezeka kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Kodi inu mukanakhala pansi? Ine ndinakakamira kumpanda.

"Takondwa, thamanga m'chigafa ukanditengere kathumba kanga kaja!"

Mwana analakwa chiyani? Anabweretsa kamene amandiona nako tsiku ndi tsiku. Ndinakhuthulira mumphika khosi lili kwa Nabanda, mphuno nazo zitatsekeka ndi chimfine. Ndinathira chidulo, tomato, nsinjiro zosefa bwino, n'kutakasa. Mtundu wake unandidabwitsa pang'ono, koma ndinati ndi utsi. Ndimati ndilawe, pomwepo Nabanda anayamba kuponya mathalauza a mwamuna wake padenga, limodzilimodzi, akutchula amene anagula. Kulawa kunathera pomwepo.

Alendo anafika pa kabaza, tinalonjerana, abambo anapemphera pemphero lalitali ndithu lodalitsa manja amene akonza chakudya. Amuna patebulo, ife pamphasa.

"Asewere, ndiwo zake n'zosaukira," ndinatero ine modzichepetsa mwabodza, "koma mulaweko mmene timatenderera kunoko."

Ineyo sindinayambe kudya, pakamwa panali potanganidwa ndi nkhani ya mathalauza. Asewere aakazi anasunsa, n'kutafuna pang'onopang'ono, maso ali kudenga, misozi ili lengelenge.

"Zaphikidwa mwamphamvu," anatero.

Mumtima ndinati nsanje imeneyo, yawagwira. Ndinawaonjezera chipande china. Asewere aamuna, munthu waulemu wake, anameza kawiri konse, thukuta lili kamukamu, kenako anavula jekete n'kufunsa ngati nyumba yathu imazungulira chonchi masiku onse.

Abambo akunyumba anatafuna kamodzi, n'kulavulira m'dzanja. Anatambasula katsamba ndi chala, n'kukayang'anitsa chakuwindo monga amachitira posankha fodya.

"Mayi, uyu ndi bale. Wa chaka chino. Masamba a m'munsi."

Ine kufa ayi. Ndinati abambo musandichititse manyazi pamaso pa alendo, mfutso ukakhalitsa m'chigafa umatengera fungo, aliyense amadziwa. Ndipotu anatsala pang'ono kukhulupirira! Koma asewere aakazi, akupukuta misozi, anaona kuti mwana akudya nsima yosasunsa.

"Nanga iwe Takondwa, ndiwo sukudya bwanji, mama?"

"Izo si zodya, agogo. Ndi za agogo awa zapamphuno. Amapera pamwala kuseri kwa chigafa, ndiye amatere."

Kanatsina mpweya ndi tizala tiwiri, n'kufwenkha uku, n'kufwenkha uku, n'kuyetsemula, n'kupukutira pachitenje cha agogo ake alendowo. Ngakhale kaja ndimayang'ana kumanzere ndi kumanja ndisanayambe, kanachita. Mwana ameneyu sukulu adzakhoza.

Tinkangomva Nabanda akulira kwawo. Mkulu wa mpingo anandiyang'ana ngati wandiona koyamba. Asewere onse awiri anapempha njira ya kuseri, ndipo zimene tinamva kumeneko sindinena poti mwina mukudya. Tinawamwetsa thobwa, anagona pamthunzi mpaka dzuwa kupendeka. Potsanzika, asewere aakazi anandigwira dzanja ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Asewere, ndikavomereza kulikonse. Kutendera kokha mumatha. Nsinjiro zinalowerera bwinobwino."

Ndipo anakavomerezadi kulikonse, kuyambira kwa wakabaza. Nkhani ya kuponi inafa tsiku lomwelo, Nabanda ndi mwamuna wake anagwirizana n'kumaseka ine limodzi, ukwati ulipo mpaka pano ndipo zikomo sananene. Kuchitsime ndikangofika wina amayetsemula dala.

Chichokereni tsikulo ndinalumbira kuti ndiwo ndizilawa ndisanapakule, ngakhale kwa aneba kutagwa ndege. Za fodya nazo ndinalonjeza pamaso pa abambo kuti ndasiya, ndipo sindiname, ndinasiyadi kumusunga m'chigafa.